Lumbiro la unzika wa Britain: kodi munthu amakhala walonjeza chiyani?

Namwino wa ku Leeds

Akuluakulu ndi anzanga nonse a pa gulu lino, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata ino. Kalata yondiitana ku mwambo wolandira unzika wa Britain yafika, ndipo ndiyenera kukaonekera ku khonsolo ya dera lathu miyezi itatu isanathe. Mayeso a Life in the UK, aja a mafunso 24 m'mphindi 45 amene munthu ayenera kukhozapo 18, ndinathana nawo chaka chatha, ndipo ndalama zoposa mapaundi 1,500 zinapita kale. Koma nditawerenga mawu amene ndikanene ndi pakamwa panga, mtima wayamba kukayika.

Mawuwo ali pawiri. Oyamba ndi lumbiro lakuti ndidzakhala wokhulupirika kwa Mfumu Charles III ndi olowa m'malo mwake. Achiwiri ndi lonjezo lakuti ndidzalemekeza ufulu wa anthu m'dzikoli, ndidzasunga mfundo za demokalase, ndidzamvera malamulo ndi kukwaniritsa udindo wanga monga nzika. Pa achiwiriwa ndikupempha amene munadutsamo kale mundiuze kuti udindowo ndi uti kwenikweni munthu akadzuka m'mawa. Oyambawo ndiwo akundilemera, chifukwa agogo anga aamuna anagona m'ndende mu 1959 pokana ulamuliro wa ufumu womwewu, ndipo sindikudziwa kuti ndikaimirira bwanji pamaso pa chithunzi cha mfumu nkukweza mawu.

Woyendetsa basi wa ku Manchester

Achemwali, ine ndiyankha funso la udindo, chifukwa la agogo lija likufuna akuluakulu. Chinthu chimene ambiri a ife sitidziwa nchakuti gawo lalikulu la ufulu ndi udindo umene mukuufunsawu munali nalo kale musanapemphe nkomwe unzika. Mmalawi, Mzambia kapena munthu wa ku Mozambique amene ali ndi chilolezo chokhala muno ndi nzika ya Commonwealth, ndipo lamulo limamulola kulembetsa m'kaundula wa ovota ndi kuvota pa chisankho cha aphungu 650 a Nyumba ya Malamulo ya Britain ku Westminster, chinthu chimene Mfalansa kapena Mjeremani wokhala khomo loyandikana naye sangachite. Ine pa 4 July 2024 ndinavota ndi pasipoti ya Malawi m'manja, popeza tsopano amafuna chiphaso cha chithunzi pakhomo, ndipo palibe amene anandiyang'ana kawiri. Malo ovotera amatsegula 7 koloko m'mawa nkutseka 10 koloko usiku, choncho ngakhale ife a mashifiti tilibe chonamizira.

Koma walira mvula walira matope. Kaundula yemweyo ndi amene khothi limatengamo mayina a anthu wamba 12 okaweruza milandu ikuluikulu, aja amati jury. Ine kalata yanga inafika m'envelopu wamba, ndipo ndinatsala pang'ono kuitaya pamodzi ndi timapepala totsatsa malonda. Inandipatsa masiku 7 oti ndiyankhe, ndipo munthu akangokhala chete angathe kulipitsidwa mpaka mapaundi 1,000. Ndinakhala ku khothi masabata awiri. Tsiku loyamba anatikhazika m'chipinda chachikulu chokhala ndi mipando yolumikizana ngati ya pa depoti, anthu osadziwana, wina wovala jekete la ofesi, wina nsapato zake zili ndi simenti, mayi wina akuluka juzi. Dzina langa litaitanidwa, mlembi analipotoza kotero kuti ndinazindikira kachiwiri kuti ndine. Nditakhala pa benchi ija ndi kuona woimbidwa mlandu akutiyang'ana mmodzimmodzi, ndinamva thukuta kumsana, chifukwa ndinadziwa kuti ngati munthuyu agone kwawo kapena m'ndende, liwu langa lili momwemo mofanana ndi la mzungu wobadwira ku Salford amene anakhala pafupi nane. Woweruza anatichenjeza kuti kufufuza za mlanduwo pa intaneti ndi mlandu woti munthu nkumangidwa nawo, ndipo zimene tinakambirana m'chipinda chathu sindingaziulule mpaka lero, ngakhale kwa mayi a kunyumba. Ndalama imene amabweza pa tsiku la ntchito lotayika siipitirira mapaundi 64.95 m'masiku khumi oyamba, ndiye mwezi umenewo tinamanga lamba. Mukandifunsa kuti udindo wa nzika ndi chiyani, ine ndimaona benchi imene ija.

Mphunzitsi wa ku Nottingham

Zikomo achimwene pofotokoza momveka chomwecho. Ndionjezepo za mfundo zimene lonjezo lija likutchula, popeza ndi gawo la ntchito yanga. Kuyambira mu 2014 sukulu za ku England zimalamulidwa kuphunzitsa zimene boma limazitcha mfundo zikuluzikulu za Britain, ndipo zilipo zinayi: demokalase, ulamuliro wa lamulo, ufulu wa munthu payekha, ndiponso kulemekezana ndi kulolerana pakati pa anthu a zipembedzo zosiyana ndi opanda chipembedzo. Ndikamaziphunzitsa, ana ochenjera amandifunsa kuti nanga chimene chikuzipanga kukhala za Britain nchiyani, popeza mayiko ambiri amanena zomwezo, ndipo kunena zoona funsolo ndi labwino. Ife a ku Malawi tili ndi malamulo oyendetsera dziko a mu 1994, buku limodzi limene mutu wake wachinayi umandandalika ufulu wa munthu. Britain alibe buku limodzi lotero. Ufulu wawo uli mbalimbali, m'malamulo a zaka zosiyanasiyana ndi m'zigamulo za makhothi: Magna Carta ya mu 1215, pamene Mfumu John anakakamizidwa ku Runnymede kuvomera kuti ngakhale mfumu ili pansi pa lamulo, lamulo la mu 1679 loti womangidwa azionetsedwa kwa woweruza, Bill of Rights ya mu 1689 imene inaika Nyumba ya Malamulo pamwamba pa zofuna za mfumu, kenaka Human Rights Act ya mu 1998 ndi Equality Act ya mu 2010.

Ndikuona kuti lamulo la mu 2010 limeneli ndi limene inu achemwali mudzakumana nalo kawirikawiri ku ntchito kwanu. Limaletsa kusala munthu pa zifukwa zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo mtundu, chipembedzo, ulumali, msinkhu ndi kukhala ndi pakati. Limakutetezani wina akakumanani udindo chifukwa cha khungu lanu, koma limatetezanso mnzanu wa pa ntchito amene ali pa banja ndi mwamuna mnzake kapena mkazi mnzake, ndipo apa mpamene abale athu ena amapunthwa, poyesa kuti angatenge mbali yowakomera nkusiya inayo. Simukukakamizidwa kusintha chikhulupiriro chanu, ndipo Lamulungu mudzapita ku tchalitchi kwanu mwaufulu, koma pa wodi odwala onse ndi anzanu onse muyenera kuwachitira mofanana.

Wowerenga ali ku Zomba

Ndakhala ndikutsatira mwachidwi ndili kuno kumudzi, ndipo mundikhululukire ngati ndingalankhule ngati wotsutsa. Mfundo zimene aphunzitsi andandalikazo ndi zokoma m'makutu, koma ndikukayika ngati unzika umene mlongo wathuyu akukalandira uli wolemera mofanana ndi wa munthu amene makolo ake onse ndi a komweko. Lamulo la unzika la mu 1981 limapatsa nduna ya za m'dziko mphamvu yolanda munthu unzika ngati ikuona kuti kutero nkokomera dziko, ndipo chotchinga chachikulu nchakuti munthuyo asatsale wopanda dziko. Tanthauzo lake nlakuti amene ali ndi dziko lina lobwererako ndiye angalandidwe msanga. Kuchokera pamene Nyumba ya Malamulo yathu inasintha lamulo mu 2018 kuti Amalawi azikhala ndi unzika wa mayiko awiri, ambiri munakondwa, koma chimwemwe chomwecho chikukuikani m'gulu la olandidwa. Onjezanipo nkhani ya Windrush imene inaphulika mu 2018, pamene anthu a ku Caribbean amene anakhala m'dzikomo zaka makumi anayi kapena asanu movomerezeka anachotsedwa ntchito, anamanidwa chithandizo cha kuchipatala, ena mpaka kuthamangitsidwa, kufikira nduna Amber Rudd anatula pansi udindo. Anthu amenewo ankakhoma msonkho ndi kumvera malamulo. Udindo wawo anaukwaniritsa, koma ufulu wawo unawathawa pa tsiku limene ankaufuna.

Agogo a ku Glasgow

Mwanawe wa ku Zomba, zimene wanenazo nzoona ndipo palibe amene angazifafanize. Ndingokukumbutsa kuti mphamvu yolanda unzikayo imagwiritsidwa ntchito makamaka pa milandu ya uchigawenga ndi pa anthu amene ananama popempha unzika, choncho namwino wosamala odwala ku Leeds asagone ndi mantha amenewo. Ndipo phunziro la Windrush ine ndimaliwerenga mosiyana nawe: ambiri a iwo anavutika chifukwa analibe pepala losonyeza chimene anali nacho kale mwalamulo. Amene ali ndi mwayi wotenga setifiketi ya unzika atenge, aisunge malo osafika chinyezi.

Tsopano ndibwere kwa iwe mdzukulu wanga wa ku Leeds. Mu March 1959 ndinali mnyamata wa ku pulayimale, ndipo ndimakumbukira mantha amene anagwa m'midzi boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu mazanamazana anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, Dr Banda anatengedwa usiku nkukaikidwa m'ndende ku Gwelo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, ndipo ku Nkhata Bay asilikali anaombera khamu la anthu pa doko. Lamulo lija la mu 1679 limene aphunzitsi atchula silinawafikire agogo ako. Koma tamvera mbali inayo. Amene anatumidwa kudzafufuza anali woweruza wa ku Britain komweko, Patrick Devlin, ndipo m'lipoti lake analemba poyera kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, mawu amene anachititsa manyazi boma la Harold Macmillan. Kuno ku Scotland mipingo inachita phokoso lalikulu chifukwa cha ubale wake ndi mamishoni a Blantyre ndi Livingstonia, ndipo aphungu otsutsa anaimirira m'Nyumba ya Malamulo kufunsa mafunso. Pofika April 1960 Dr Banda anali atatuluka. Agogo ako anamangidwa ndi Britain, ndipo ena mwa amene anakakamiza kuti chitseko chitseguke anali nzika za Britain zimene zinagwiritsa ntchito ufulu wawo wotsutsa boma lawo. Ukakalumbira, ukulowa m'dziko la magulu onse awiriwo, ndipo udzasankha wekha kuti ukhale mbali iti.

Za mfumuyo usade nazo nkhawa kwambiri. Mfumu ya kuno siilamula monga ankalamulira bwanamkubwa ku Zomba. Malamulo amapangidwa ndi aphungu, iyo imangosaina, ndipo pali nzika zambiri zimene zimanena poyera kuti ufumuwo uthe, popanda wozimanga. Eni dzikonso sanapatsidwe ufulu wawo m'mbale. Amayi a kuno anayamba kuvota mu 1918, ndipo anali okhawo opitirira zaka 30. Anafanana ndi amuna mu 1928, atamangidwa ndi kumenyedwa ambiri. Mkazi wanga malemu ankakonda kunena kuti agogo ake aakazi a ku Paisley anabadwa opanda voti chimodzimodzi agogo anga a ku Ntcheu.

Wowerenga ali ku Zomba

Agogo, ndamva ndipo ndalandira, makamaka pa za Devlin. Komabe sindikusuntha pa mfundo yanga yakuti lamulo limene lingalande wina chinthu nkusiya mnzake wochita cholakwa chofanana silikuwaona awiriwo mofanana, kaya ligwiritsidwe ntchito kamodzi pa chaka kapena kakhumi. Mlongo wathu akalumbire akudziwa zimenezo.

Mayi wa ku Chipata ali ku Luton

Ine ndine wa ku Zambia, kumene unzika wa mayiko awiri unaloledwa mu 2016, ndipo mwambo umene mukuuopawu ndinadutsamo zaka zinayi zapitazo. Abambo a ku Glasgow afotokoza zazikulu, ine ndinene zazing'ono zimene zimagwetsa anthu athu, chifukwa udindo wa nzika kuno subwera ndi ng'oma, umalowera pa kabowo ka chitseko m'maenvelopu.

Chaka chatha amayi anga anamwalira ku Chipata sukulu zili mkati. Kwathu maliro a mayi sapemphedwa chilolezo, ndiye ndinanyamula ana awiri nkukwera ndege, ndipo tinakhalako masabata atatu mpaka kumeta. Pobwerera ndinapeza kalata ya chindapusa, mapaundi 80 pa mwana aliyense kwa kholo lililonse, ndipo zikadakwera kufika 160 tikadachedwa masiku 21. Ndinalira ndi mkwiyo, ndinati anthu awa alibe umunthu. Nditakhala pansi ndi mkulu wa sukuluyo anandiuza mofatsa kuti ndikadalemba kalata ndisananyamuke, masiku ena akadawavomereza ngati chifukwa chapadera, koma kuti lamulo limaona kupita kusukulu ngati ufulu wa mwana umene ngakhale kholo silingaulande. Mpaka lero ndimaona kuti masabata atatu a maliro a agogo awo anaphunzitsa ana anga zambiri kuposa zimene anaphonya m'kalasi, koma ndinalipira, ndipo ndinaphunzira kuti kuno mwana amamuwerengera ufulu wakewake wosadalira ine.

Msonkho nawonso ndi udindo wosathawika. Pa malipiro amadula 20 peresenti ya zimene zapitirira mapaundi 12,570 pa chaka, kuonjezapo msonkho wina wotchedwa National Insurance, ndipo khonsolo imafuna wake wa nyumba mwezi ndi mwezi. Poyamba ndinkaona ngati akundibera, mpaka mwana wanga wamng'ono atagonekedwa m'chipatala masiku khumi nkutuluka popanda bilu. NHS, ndondomeko ya zipatala za boma kuno, inayamba mu 1948 pa mfundo imeneyo, kuti aliyense aponyemo ali bwino ndipo atengemo akadwala, zofanana ndi chipereganyu cha amayi kumudzi koma cha anthu mamiliyoni.

Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni nonse amene muli ndi ana: kubadwira kuno sikupangitsa mwana kukhala nzika. Kuyambira mu 1983, mwana amakhala nzika pobadwa ngati kholo limodzi ndi nzika kapena lili ndi chilolezo chokhazikika. Apo ayi muyenera kumulembetsa, ndipo mu 2024 mtengo wake unkaposa mapaundi 1,000. Ndaonapo mtsikana wolankhula Chingelezi cha ku Luton chenicheni akuzindikira ali ndi zaka 18, pofuna ngongole ya ku yunivesite, kuti pa mapepala ndi mlendo.

Woyendetsa basi wa ku Manchester

Amayi, pa za ufulu wa mwanazo mwakhudza pachilonda. Ine ndinaleredwa ndi mkwapulo wa mpichesi ndipo sindinafe. Kuno mwana akangonena kusukulu kuti bambo anandimenya, mawa lake a zachisamaliro cha ana ali pakhomo ndi mafayilo awo. Ndimamvera lamulo, koma mumtima ndimafunsa kuti kulolerana kumene aphunzitsi anena kuja kumathera pati, ngati kaleredwe kathu sikaloledwa.

Mphunzitsi wa ku Nottingham

Achimwene, kumathera pa thupi la munthu wina, ndipo mwana amawerengedwa munthu wina. Lamulo lake silofanana m'dziko lonse. Ku Scotland kumenya mwana mwa njira iliyonse kunaletsedwa mu November 2020, ku Wales mu March 2022. Ku England ndi ku Northern Ireland kholo lingadziteteze ponena kuti chinali chilango choyenera, koma chitetezo chimenecho chimatha pakangooneka chipsera kapena kutupa, ndipo mkwapulo wa mpichesi uja sungasiye thupi losalala. Ife aphunzitsi mwana akatiuza zotere tilibe ufulu wokhala chete, tiyenera kukanena kwa woyang'anira chitetezo cha ana pa sukulupo tsiku lomwelo.

Ngati lamulo simukugwirizana nalo, njira yolitsutsira ilipo, ndipo imeneyo ndi mbali ya unzika imene ife timaigwiritsa ntchito pang'ono kwambiri. Aphungu ambiri amakhala ndi masiku okumana ndi anthu a m'dera lawo, kawirikawiri Lachisanu, mu laibulale kapena m'holo ya tchalitchi, ndipo sufunika kupita ndi nkhuku kapena kudziwana ndi mkulu wa chipani. Ine ndinapitako pa nkhani ya basi ya ana a sukulu imene inkafuna kuchotsedwa, ndinadikira pa mzere mphindi makumi awiri, ndipo phunguyo analemba yekha m'kope zimene ndinanena. Palinso madandaulo a pa intaneti a ku Nyumba ya Malamulo: akasainidwa ndi anthu 10,000 boma liyenera kuyankha, akafika 100,000 amaganiziridwa kuti akambidwe ndi aphungu. Timadandaula kwambiri pa maphwando a 6 July tikudya nsima, koma pa misonkhano ya makolo ndi ya khonsolo nkhope zathu sizioneka.

Agogo a ku Glasgow

Aphunzitsi anena zoona, ndipo mlandu umenewo ine ndiuvomera m'malo mwa mbadwo wanga. Tinabwera kuno tikudziona ngati alendo a mawa lomwe, masutikesi ali pamwamba pa wadirobu, ndipo tinkati kwa eni kulibe mkuwe. Zaka makumi anayi zadutsa masutikesi ali pompo. Ndinayamba kuvota nditakhala kale zaka khumi ndi ziwiri, chifukwa cha ulesi ndi kudzichepetsa kosayenera, pamene mdzukulu wanga kuno ku Scotland wavotera aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Scotland ku Holyrood ali ndi zaka 16.

Namwino wa ku Leeds

Ndathokoza nonse, ndipo ndawerenga mobwereza, makamaka mawu a agogo ndi a achimwene a ku Zomba, amene sakugwirizana koma onse andithandiza. Usiku wathawu ndinaimbira foni amayi anga ku Mulanje nkuwafotokozera za lumbiro lija. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati bambo awo sanamangidwe chifukwa chodana ndi azungu, anamangidwa chifukwa chofuna kuti munthu wakuda azifunsidwa maganizo pa za dziko limene akukhalamo, ndipo anandifunsa ngati kumene ndiliko amandifunsa. Ndinachita manyazi kuwauza kuti zisankho ziwiri zadutsa ndili ndi ufulu wovota koma dzina langa mulibe m'kaundula. Ndalembetsa lero m'mawa ndisanapite ku ntchito, ndipo sizinanditengere mphindi khumi.

Tsiku la mwambo ndasankha Lachitatu la sabata yachiwiri ya mwezi wa mawa. Andifunsa ngati ndikalumbire potchula dzina la Mulungu kapena ndikangotsimikiza popanda kumutchula, popeza zonse ziwiri ndi zololedwa, ndipo ndasankha kutchula Mulungu. Andilola kubwera ndi alendo awiri. Amayi a ku Luton, inu amene munadutsamo, kodi chitenje ndi duku nzoyenera pa mwambo umenewu, kapena amafuna zovala za ofesi?

Mayi wa ku Chipata ali ku Luton

Valani chitenje chanu, achemwali. Tsiku langa panali mayi wa ku India atavala sari ndi bambo wa ku Nigeria atavala mkanjo wake wonse, ndipo meya anajambulitsa ndi aliyense. Mutenge kalata yokuitananiyo ndi chiphaso cha chithunzi, mufike msanga chifukwa amayamba ndi kuona mayina, ndipo muphunzireko ndime yoyamba ya nyimbo ya fuko lawo, popeza pomaliza onse amaimirira. Setifiketi akakupatsani musaikute ndi pulasitiki yomata ija, chifukwa a mapasipoti amakana yomatidwa.